Ndinatseka Njira ndi Chingwe

Kelta,
14 Juni.

Okondedwa achimwene anga a Dubale,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ndayesa kukuimbirani foni kasanu ndi kawiri chichokereni inu kuno, ndipo nthawi zonse imaitana mpaka kutopa yokha. Sindikudandaula. Foni munthu amatha kuiyang'ana n'kuibwezera m'thumba. N'chifukwa chake ndalemba pamanja n'kupatsira a Dalgite, anansi athu aja, amene akubwera ku Addis Ababa kudzaona mwana wawo. Mayi amenewa mukuwadziwa bwino. Ndawauza kuti akhale pafupi ndi chowombera nsalu chanu, azilankhula osapuma monga mwa chizolowezi chawo, mpaka muiwerenge yonse. Ndiye mukafuna mtendere, werengani msanga.

Kuno tilipo. Amayi bondo lija likuwavutabe kukazizira, koma akudya. Ng'ombe yofiira ija inabereka kamwana kakakazi. Kocho amene a Dalgite anyamulayo, chakudya chathu cha enseti chija, ndi wa m'dzenje lakale lija, amayi afukula okha, akuti wa kumsika wa m'tauni ndi utuchi ndipo ndi umene wakuondetsani.

Tsopano nkhani imene ndalembera. Mng'alu wafika kuseri kwa nyumba ya amayi. Unayamba ngati mzere wa nyerere pamwamba pa munda wa enseti, mbewu yathu yonga nthochi ija, sabata ziwiri mutangochoka. Lero ndikulemba pano mumalowa mkono wanga mpaka m'chigongono, ndipo chitseko cha nyumba chinasiya kutsekeka, amayi amachita kuchitsamiritsa mtondo. Mvula yaikulu ikuyamba kumapeto kwa mwezi uno. Amayi akukana kusamuka, ndipo chifukwa chake ndi mawu amene inu munalankhula pamanda a bambo, akuti pamalo a bambo sipachoka munthu. Iwo anawatola mawu amenewo n'kuwamanga pansalu. Palibe wina angawamasule koma inu.

Ndikudziwa kuti simukufuna kumva chilichonse chochokera kwa ine. Munakhala pamaliro masiku atatu osandiyang'ana kumaso, ndipo kapu ya khofi imene ndinakupatsani munaiika pansi mpaka inagwera ntchentche. Zinandiwawa kwambiri, sindibisa. Koma nkhani munaimva kwa bambo aang'ono a Tolba okha, ndipo iwo amaiyambira pakati. Ndiloleni ndiiyambe poyambira.

Chaka chatha a boma atatiitana ife a zaumoyo ku Sawla, anatiphunzitsa sabata imodzi za kugumuka kwa mapiri. Sizinali zozama ayi. Umakhoma chikhomo mbali iyi ya mng'alu, china mbali inayo, n'kumanga kachingwe pakati, ndiye m'mawa uliwonse umayeza ndi zala kuti wakula bwanji. Umadula botolo n'kuliika panja kuti uziona mvula imene yagwa. Umayang'ana kasupe ngati wasintha mtundu, ndi mitengo ngati yayamba kupendekeka. Ndipo chimene anatibwerezera tsiku lililonse n'chakuti phiri likagumuka kamodzi, nthawi zambiri limakhala lisanamalize, ndipo anthu ambiri amafera pofukula anzawo.

Nditabwerako ndinakhoma zikhomo khumi ndi ziwiri m'mbali mwa phiri lathu, mudzi wonse n'kundisandutsa choseketsa. Woyambitsa anali bambo. M'mawa uliwonse akandiona ndikukwera ankakuwa ali pakhomo: "Telala wathu uyo! Ukatha kuliyeza phirilo ulisokere buluku, lakhala maliseche nthawi yaitali!" Anthu ankaseka, inenso ndinkaseka. Koma madzulo, tikatsala awiri, ankandifunsa chapansipansi, "Lero zala zingati?" Bambo athu anali otero, inu mukudziwa.

Lachiwiri lija pambuyo pa Pasaka, mvula inali itagwa masiku anayi osakata. Nditakwera m'mawa ndinapeza kachingwe ka pa chikhomo chachisanu kataduka kokha. Kasupe wathu, amene chibadwire changa sindinamuonepo akuda, ankatuluka matope. Ndinathamanga nyumba zisanu ndi imodzi za kumunsi kuja n'kuwatulutsa onse kuti akakhale ku sukulu, pamtunda paja. Ena ndinachita kuwakoka. Gogo wina anandilavulira chifukwa ndinamusiyitsa mphika pamoto. Podutsa kwathu ndinauza bambo ndi amayi zimene ndaona. Bambo sanaseke tsiku limenelo. Anangoti, "Chabwino, mwanawe, pita ukamalize ntchito yako."

Nditangotembenuka, iwo anatenga chingwe chawo chokwerera n'kutsikira ku ming'oma yawo ya njuchi kuti akaipulumutse. Achimwene, apa ndi pamene mtima wanga umandiluma tsiku lililonse. Akanakhala kuti sanandikhulupirire, akanakhala pakhomo n'kumamwa khofi. Anatsikira kumeneko chifukwa anakhulupirira mawu anga.

Ndinali ndikubwerera kuchokera ku sukulu pamene phiri linagumuka. Phokoso lake sindingalilembe. Amayi anatuluka akukuwa dzina la bambo, ndipo ine ndinathamanga ndekha kutsikira ku ming'oma, ndinafika ndisanaone munthu wina aliyense. Mitengo ya njuchi ija panalibe, panali dothi lofiira lokhalokha. Kenako ndinakweza maso. Chimene chinagwacho chinali chidutswa chabe. Pamwamba pake panali patang'ambika mng'alu wina wautali kuposa bwalo la sukulu, mabulugamu onse atawerama, madzi akutuluka m'dothi ngati m'sefa. Nthawi yomweyo ndinamva a Kaltsa, oimba lipenga la idiri, bungwe lathu la maliro, akuliza nyanga yawo.

Lamulo la lipenga inu mukulidziwa kuposa ine, pajatu munalikulira. Likalira, wamoyo aliyense amasiya chimene wagwira n'kuthamangira kumene kwagwa tsoka. Wotsalira amachotsedwa m'bungwe, ndipo tsiku lake likadzafika palibe amene adzamukumbire manda. Ndi lamulo labwino. Ndi limene linazimitsa moto kunyumba kwathu inu muli wamng'ono, ndi limene linatinyamulira agogo kupita nawo kuchipatala. Maliro n'kulirana, ndani angatsutse? Koma m'mawa umenewo lipengalo linkaitanira mudzi wonse kukamwa kwa phiri.

Njira yotsikira ku ming'oma ndi imodzi yokha, ija imapanikizika pakati pa thanthwe ndi mkuyu. Ndinakwera msanga, ndinamasula chingwe chimene a Dalgite amamangira bulu wawo, n'kuchikunga kuchokera ku mkuyu kukafika ku muzu wa pathanthwe. Ndisanamalize mfundo yachiwiri, anthu anali atafika. Pambuyo pake ndinawawerenga, analipo makumi asanu ndi atatu kudza anayi, ndi makasu, mafosholo, ena manja okha, amayi ena ana ali kumsana. Patsogolo panali bambo aang'ono a Tolba.

"Ufayse, chotsa chingwecho!"

"Sindichotsa, bambo aang'ono. Tayang'anani kumwambaku. Lagwali ndi laling'ono, lalikulu likadali m'mwamba."

"Iwe, wapenga eti? Ali pansipo ndi bambo ako, si mbuzi!"

"Ndikudziwa."

"Ukudziwa! Anthuni tamumvani, akuti akudziwa! Ku Sawla kuja anakakuphunzitsa kukwirira bambo ako amoyo?"

Anandimenya ndi mpini wa khasu paphewa. Sindikunena izi kuti muwakwiyire, anali kulirira mkulu wawo. Koma ndinagwada, ndipo chingwe chikanapita pomwepo pakanapanda a Dalgite. Iwo anadzipanikiza pampata paja n'kukhala pansi, miyendo tambasu, mpata wonse n'kudzaza.

"A Tolba, mukafuna kudutsa mudutse pa ine. Koma ndine wolemera, malemu amuna anga anayesa kundisuntha zaka makumi atatu, analephera."

"Mayi inu chokani apa, si nkhani ya akazi iyi!"

"Eya, ndiye kuti phirili limasankha? Likafika pa mkazi limati pepani mayi, dutsani? Mwanayu anatulutsa nyumba zisanu ndi imodzi m'mawa uno. Nyumbazo zili kuti pano? Tayang'anani, mundiuze zili kuti!"

Anthu anayang'ana. Nyumba zitatu mwa zimenezo zinali zitapita. Phokoso linatsika pang'ono, ndipo a Kaltsa, lipenga lili m'manja, anabwera pafupi n'kundifunsa mwaulemu, anthu onse akumva: "Mwanawe, iwe unatsikirako. Wamva mawu?"

Ndinayankha kuti, "Palibe mawu."

Yankho limenelo ndi limene linagwira anthu kuposa chingwe. Amuna ena anatsitsa makasu, azimayi anayamba kulira maliro. Tinaima pamenepo nthawi yokwanira kukazinga khofi, kusinja ndi kumwa kapu yoyamba. Bambo aang'ono sanapirire. Analanda chikwanje kwa munthu wina n'kudula chingwe, a Dalgite n'kuwakumbatira miyendo, onse awiri n'kugwera m'matope akutukwanizana. Ali chigwiriranecho, phiri linatsikanso kachiwiri.

Linadutsa patsogolo pathu, mapazi makumi awiri kuchokera pa mkuyu. Linakwirira malo onse amene tikanaima, njira yonse, mpaka kumtsinje. Mphepo yake inatigwetsa tonse amene tinali patsogolo. Litatha, anthu anadzuka m'matope mmodzimmodzi. Kenako ndinawagawa khumikhumi, a Kaltsa n'kukaima tsidya lina la chigwa kuti aziyang'ana phiri, ndipo tinafukula mosinthana masiku awiri. Bambo tinawapeza Lachitatu dzuwa litapendeka. Zotsalazo munaziona nokha.

Inu mutabwerera ku Addis Ababa, idiri inakhala pansi pa nkhani yanga. Mlandu unali wakuti ndinatsekereza anthu lipenga litalira, chinthu chimene sichinachitikepo chiyambire mudzi uno. Anandichotsa m'bungwe. Mkulu wa bungwe atalengeza kuti sadzandikumbira manda, ndinaimirira.

"Ndamva, akuluakulu. Za manda angazo musavutike, sindikufulumira. Koma poti ndikadali pabwalo, ndipempheko chinthu chimodzi. Lipenga likhale ndi mawu awiri."

"Lipenga lili ndi mawu amodzi kuyambira makolo," anatero bambo aang'ono.

A Kaltsa, amene salankhulalankhula, anakanda kukhosi. "A Tolba, amene amaliza ndine. Tsiku lija ndinaitana anthu makumi asanu ndi atatu kuti akafe, mwana wanga wamkazi ali momwemo ndi mdzukulu wanga kumsana. Mukakana mawu achiwiri, funani wina woliza."

Anakangana mpaka khofi anaphikidwa kawiri, koma anavomera. Tsopano likalira kamodzi motalika, ndiye kuti bwerani, monga kale. Likalira modukizadukiza, ndiye kuti thawani, osati chotsika koma cham'mbali, mukakumane ku sukulu. Ndipo phiri likagumuka, palibe woponda pamenepo woyang'anira asanalole. Tinayeserera Loweruka lina mudzi wonse. Ulendo woyamba theka la anthu linathamangira kwa a Kaltsa komweko, miyendo inazolowera, wina anafika n'kufunsa kuti wamwalira ndani. Ulendo wachitatu zinatheka. Dzina langa sanalibwezere m'bungwe, koma lamulo langa analilemba, ndipo kwa ine zimenezo zakwana.

Kuchokera pamenepo sitinakhale pansi. Takumba ngalande ziwiri pamwamba pa mudzi zopatutsa madzi kuti asamalowe m'ming'alu. Ming'alu ing'onoing'ono taitseka ndi dongo. Tabzala nsungwi ndi udzu wa vetiva m'mizere, ngakhale izi zidzathandiza ana athu, osati ife chaka chino. Zikhomo tsopano zilipo makumi atatu, ndipo oyeza tilipo asanu ndi mmodzi, sindilinso telala ndekha. A boma anabwera ndi munthu wodziwa za miyala, anayenda masiku awiri, n'kunena kuti mbali yonse ya kwathu kuja si yogonamo anthu nyengo ya mvula. Anatipimira malo pamtunda, kuseri kwa sukulu. Ndi pouma, mphepo ndi yambiri, madzi ndi otunga patali, sindikunamizani kuti ndi pabwino. Koma pansi pake ndi thanthwe. Kuminda tizitsikira masana kukakhala kowala.

Mabanja makumi atatu ndi limodzi asamuka. Mukufuna kudziwa amene anayamba? Bambo aang'ono a Tolba, omwe aja ankati phiri la makolo silidya ana ake. Anayamba n'kusamutsa mbuzi, akuti msipu wa kumtunda ndi wabwino. Kenako nkhuku. Kenako tinangoona denga likuyenda pamitu ya anthu. Mpaka lero sandipatsa moni, tikakumana amayang'ana kumwamba ngati akufuna mvula. Koma tsiku lina ndinapeza mtolo wa nsungwi pamalo amene ndikumangira amayi, ndipo kamangidwe ka mtolowo ndi kawo. Sindinawathokoze, angachite manyazi n'kukautenganso.

Nyumba ya amayi yatha, yangotsala kuzira pansi. Ndinazula ana a enseti makumi anayi m'munda mwathu n'kukabzala kumeneko, ndipo agwira. Mbali yonse ya kwathu kwatsala utsi umodzi wokha, wa amayi. Ndasamukira komweko, ndikugona nawo, chifukwa sindingagone kumtunda iwo ali pansi pa mng'alu. Dzulo ndinayesanso kuwanyengerera akupala enseti.

"Amayi, chitseko chija mwachiona?"

"Chitseko n'chakale. Bambo ako ankati adzachipala."

"Si chitseko, amayi, ndi nyumba imene ikupendekeka."

"Ndiye ipendekeke. Inenso ndinapendekeka, wanditaya?"

"Tiyeni mukangogona kumtunda miyezi itatu yokha, mvula ikatha mudzabwerera."

"Ndiye bambo ako atsale okha m'mundamu, mvula izingowamenya popanda wowayatsira moto pafupi? Zaka makumi anayi sindinawasiyepo."

"Nanga likatsika?"

"Mwana wanga wamwamuna ananena pamanda, anthu onse akumva, kuti pano sipachoka munthu. Ukufuna ndimuchititse manyazi? Akadzanena iye kuti amayi nyamukani, ndidzanyamuka. Iwe ntchito yako ndi zingwe."

Sananene mwaukali, koma mawu omalizawo anandilasa. Sanandifunsepo za tsiku lija, ngakhale kamodzi. Amandiphikira, amandidzoza batala kumutu, koma nkhani imeneyo saikhudza.

Achimwene, ine ndikumvetsa chifukwa chimene munalankhulira mawu aja. Munafika mochedwa chifukwa msewu unaduka, munapeza bambo ali kale m'nsalu, ndipo munthu woyamba kukulandirani anakuuzani kuti mlongo wanu anatsekera anthu njira. Munafuna kuwachitira bambo kanthu, ndipo chimene chinatsala chinali kulonjeza kuti malo awo sadzasiyidwa. Ndikanakhala inu mwina ndikanatero. Koma inu munalankhula n'kukwera basi. Amene akugona pansi pa mawu anuwo ndi amayi.

Tsopano pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale a Dalgite amene anyamula kalatayi sakuchidziwa. Ndaganiza masiku ambiri ngati ndilembe. Ndikhoza kuchibisa, mwina mukanavomera msanga. Koma sindikufuna kuti mudzanene kuti ndinakutengerani mawu anu mwachinyengo.

Kwa a Kaltsa ndinanama. Mawu analipo.

Pamene ndinafika ndekha m'mphepete mwa dothi lija, ndinawamva bambo. Anali chapatali, mkati, mwina pansi pa mtengo umene unawagwera, koma anali iwo. Ndikanakonda kukuuzani kuti ankakuwa kuti musabwere, thawani. Ndayesa kudziuza choncho kambirimbiri, koma si zoona. Ankaitana kuti awathandize. Ndipo sankaitana ine kapena amayi. Ankaitana inu. "Dubale! Dubale, mwanawe!" monga ankakuitanirani kale mukamawagwirira chingwe pansi pa mtengo wa njuchi. Ndinawayankha kuti, "Bambo, ndikubwera!" Kenako ndinayang'ana kumwamba, ndinamva lipenga, ndipo ndinatembenuka n'kukamanga njira.

Sindikudziwa ngati tikanawatulutsa pa nthawi imene tinaima pa chingwe paja. Pamene tinawapeza panali pakuya, koma dothi lambiri linali la ulendo wachiwiri, ndiye sindingalumbire. Mwina anthu makumi asanu ndi atatu akanawafikira. Mwina akanangotsala pang'ono, onse n'kukwiririka limodzi. Funso limeneli ndidzafa nalo. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndikanati mawu alipo, chingwe cha bulu sichikanagwira munthu, ndipo inenso ndikanakhala patsogolo. Ndinawalonjeza bambo anga kuti ndikubwera ndipo sindinabwere. Zimandiwawa pogona ndi podzuka. Koma mukandibwezera pa mkuyu paja lero, ndimanganso.

Ndiye ngati munandida chifukwa cha zimene munamva, tsopano muli ndi chifukwa chokwanira. Sindikupempha kuti mundikhululukire. Zimenezo zili ndi nthawi yake, ndipo mwina nthawiyo sidzafika. Ndikupempha mawu awiri okha, ndipo si a ine: amayi nyamukani. Muwauze a Dalgite pakamwa, kapena mulembe kuseri kwa pepala lomweli, kapena muimbe pa foni ya a Kaltsa ngati simukufuna kuti mawu anu adutse pa yanga. Manda a bambo sitikuwataya. Ndawazunguliza miyala ndi vetiva, ndipo tsiku lililonse lowala ndidzatsika nawo amayi kukawaona, ndikadzalephera mudzandifunse.

A Dalgite akubwerera Lachinayi. Ndikuuziranitu chimene ndichite kuti musadzati ndinakuchitani chiwembu. Akafika opanda mawu anu, kapena ndi mawu okana, Loweruka m'mawa ndibwera ndi machira a kuchipatala ndi amayi anayi amphamvu, ndawapeza kale. Tidzawanyamula amayi, akutukwana, akulira, mudzi wonse ukuonerera. Adzanditemberera, ndipo mwina sadzadyanso chakudya cha m'manja mwanga. Ndavomera. Kholo limodzi ndinalisiya m'dothi chifukwa panalibe njira ina. Kholo lachiwirili njira ilipo, ndipo sindilisiya. Koma ndi amayi anu inunso, ndipo ndikanakonda akwere phiri lija ndi miyendo yawo, ndodo ili m'manja, akuuza aliyense panjira kuti mwana wawo wamwamuna wawatuma. Ulemu umenewo ine sindingawapatse. Uli m'kamwa mwanu.

Ambiri akupereka moni. A Kaltsa akuti nsalu imene munawalonjeza ija sanaiiwale. Mwana wawo Asnake, amene anaima pa chingwe ndi khanda kumsana, akuti ndikuuzeni kuti khandalo layamba kuyenda. Anzanu a ubwana aja, Shanka ndi Wogaso, amene anali oyamba kufika ndi mafosholo, akuti mubwere pa Masikala, chikondwerero cha Mtanda chija, mudzaone ngati mukadali ndi mwendo wovinira. Aphunzitsi onse atatu akupereka moni, pamodzi ndi ana a kalasi lachisanu ndi chitatu amene anathawa m'kalasi tsiku lija atamva lipenga. Abusa akupereka moni. Bambo aang'ono sananditume, koma ali moyo, ndipo dzulo ndinawamva akukalipira mbuzi zawo.

Amayi akuti muzifunda pachifuwa, kumeneko kumazizira, ndipo musamagwire ntchito mpaka maso kuwawa. Akuganiza kuti ndikulemba za ng'ombe ndi kocho. Za mawu a bambo zija sakudziwa. Ngati muona kuti ayenera kudziwa, ndi ufulu wanu, sindikuletsani, ndipo ndidzakhala pomwepo kuti andiyang'ane kumaso. Ndikungopempha kuti mudzawauze ali kale kumtunda.

Moni kwa alamu, ndipo ana muwapsompsone m'malo mwanga.

Ndine mlongo wanu, muyankhe kapena musayankhe,

Ufayse.